Kuchiza kukakanika, nesi amatani? Za hospice ndi masiku omaliza a wodwala

Pali mawu amene ndimadana nawo kwambiri m'chipatala ndipo amanenedwa pafupipafupi, akuti "palibenso chomwe tingachite." Dokotala akamatero nthawi zambiri amatanthauza kuti matendawo sangachizikenso, kaya khansa yafalikira, kaya impso zasiya, kaya mtima watopa, koma achibale samva choncho ayi, iwo amamva kuti m'bale wathu amutaya, tipite naye tikadikire tsiku basi. Chonsecho zochita zimakhala zidakalipo mbwee, mwinanso kuposa kale, kungoti sizakuchiza, ndi zakusamalira, ndipo zambiri mwa izo zimagwera ife manesi.

Anthu amaphatikiza zinthu ziwiri. Palliative care ndi chisamaliro chochepetsa ululu ndi mavuto ena kwa munthu wa matenda aakulu, ndipo chikhoza kuyamba tsiku lomwelo wapezeka ndi matendawo, uku akulandira kemo kapena akuikidwa pa makina a impso. Hospice ndi mbali yakumapeto ya chisamaliro chomwechi, pamene zoyesa kuchiza zasiyidwa chifukwa sizikuthandizanso. Ku America anachita kuika malire mu lamulo, lomwe linakhazikitsidwa mu 1982, ndondomeko ya boma ya inshuwaransi ya zaumoyo yotchedwa Medicare imalipira hospice ngati madokotala asayina kuti munthuyo akuyembekezeka kukhala miyezi 6 kapena kucheperapo. Ndipo hospice si nyumba nthawi zonse, m'malo ambiri ndi kagulu chabe, nesi, dokotala, waulangizi, wazauzimu, omwe amamutsatira wodwala kunyumba kwake komweko.

Yemwe anayambitsa zimenezi m'njira yamakono, Cicely Saunders wa ku England, anayamba ndi unesi. Msana utamuvuta anasiya nkuyamba ntchito yothandiza odwala pa mavuto awo a kunyumba, kenako anakaphunzira udokotala atalangizidwa kuti madokotala sangamumvere akapanda kukhala mmodzi wa iwo, ndipo mu 1967 anatsegula St Christopher's Hospice ku London. Ku America amene anaitenga nkhaniyi analinso nesi, Florence Wald, mkulu wa sukulu ya unesi ku Yale, ndipo hospice yoyamba kumeneko inayamba ku Connecticut mu 1974. Mu Africa yoyamba inali Island Hospice ku Harare mu 1979. Ndatchula dala zakuti Saunders ndi Wald anali manesi, chifukwa mfundo zikuluzikulu za ntchitoyi zinachokera kwa anthu omwe ankakhala pambali pa bedi usiku wonse nkumaona zomwe dokotala wa maraundi a m'mawa saziona. Mpaka pano ntchitoyi ikuperewera kwambiri, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 56.8 miliyoni amafunika palliative care chaka chilichonse koma omwe amaipeza ndi 14 pa 100 aliwonse basi.

Ndiye tiyeni pa ululu, chifukwa apa mpamene pali mantha ambiri komanso mabodza ambiri. Mu 1986 WHO inatulutsa njira ya masitepe atatu. Ululu wochepa umayamba ndi paracetamol kapena ibuprofen, wapakati ukwere pa codeine kapena tramadol, waukulu upite pa mofini. Koma chofunika kwambiri si makwererowo ayi, ndi malamulo awiri, akuti mankhwala apite pakamwa ngati nkotheka, ndipo aziperekedwa poyang'ana wotchi osati podikira kuti wodwala alire kaye. Mofini wakumwa wamba amagwira ntchito pafupifupi maola 4, nde amaperekedwa maola 4 aliwonse usana ndi usiku, ululu usanabwerere. Ukadikira kuti munthu abuule kaye ndiye kuti patsiku azunzika kangapo, ndipo chomwe chimamupweteka kwambiri ndi mantha oyembekezera ululuwo, amangoyang'ana pakhomo kuti nesi abwera liti. Ululu uli ngati moto wa tchire, kuuzinga usanakule nkosavuta kusiyana ndi kuuzimitsa utalusa.

Kawerengedwe kake ndi kosavuta. Tinene kuti dokotala walemba 5mg maola 4 aliwonse, patsiku ndi 30mg. Ululu ukabowola pakati pa madozi, wodwala amapatsidwa dozi yoonjezera yomwe imakhala gawo limodzi mwa magawo 6 a mlingo wa tsiku lonse, apa ndiye 5mg yomweyo. Ntchito ya nesi ndi kulemba dozi iliyonse yoonjezera, chifukwa mawa lake tikaona kuti dzulo anafuna zoonjezera zinayi timadziwa kuti mlingo wachepa, ukwezedwe. Mofini alibe mlingo woti apa ndiye pothera, mlingo woyenera ndi womwe wachotsa ululu munthu nkukhalabe bwinobwino, bola kukwera pang'onopang'ono. Kumene timasamala kwambiri ndi kwa okalamba ndi omwe impso zawo zafooka, chifukwa zotsalira za mofini zimatuluka kudzera mu impso, impsozo zikafooka zotsalirazo zimaunjikana m'thupi, ndiye mlingo umachepetsedwa kapena mankhwala amasinthidwa. Zizindikiro zakuti wachuluka timazidziwa, tulo tosadzutsika, minofu kumachita kudzidzimuka, timaso tating'ono kwambiri, kupuma kwapatalipatali.

Masiku oyamba munthu amatha kusinza ndi kuchita nseru, izi zimatha zokha pakapita masiku ochepa. Chomwe sichitha ndi kudzimbidwa. Aliyense wa pa mofini amafunika mankhwala ofewetsa m'mimba kuyambira tsiku loyamba, ndipo nesi wabwino amafunsa za kuchimbudzi tsiku lililonse mopanda manyazi, chifukwa munthu yemwe watha sabata osachita chimbudzi amamva kupweteka, amasanza, amatha ngakhale kusokonezeka mutu, achibale nkumati matenda akula pomwe vuto ndi m'matumbo.

Tsopano bodza lija lakuti mofini ndi jakisoni womalizitsa munthu. Taganizani bwino, ngati munthu akulandira mankhwala maola 4 aliwonse, tsiku lomwe adzamwalire padzakhala dozi ina yomwe idzakhale yomaliza, ndipo idzakhala itaperekedwa maola osapitirira 4 asanatsirizike, palibe kuchitira mwina. Achibale amakumbukira dozi imeneyoyo nkuiwala madozi ambirimbiri omwe anamugoneka bwino masabata onse aja. China chomwe chimakulitsa bodzali ndi chakuti m'malo ambiri mofini amachedwa kuperekedwa, amasungidwa mpaka munthu atatsala maola, nde anthu amangoona kuti aliyense wopatsidwa amapita. Mofini woperekedwa mwa ndondomeko safupikitsa moyo. Ndipo chisamaliro chonsechi sikugonja monga ena amaganizira, kafukufuku wa ku Massachusetts General Hospital ku Boston yemwe anatuluka mu 2010 anapeza kuti odwala khansa ya m'mapapo yofalikira omwe anayamba palliative care msanga ankamva bwino, ankakhumudwa pang'ono, ndipo anakhala moyo miyezi pafupifupi 11.6 pomwe anzawo anakhala 8.9.

Vuto lenileni padziko ndi kusowa kwa mofini osati kuchuluka kwake. Ku Uganda, Anne Merriman atayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993 anayamba kusungunula mofini wa ufa m'madzi kuti akhale wakumwa wotchipa, ndipo mu 2004 dzikolo linasintha lamulo kuti manesi ophunzitsidwa mwapadera azitha kulemba okha mofini. Ineyo ndimaona kuti zimenezi nzanzeru kwambiri, chifukwa kumene kuli dokotala mmodzi wa anthu zikwizikwi, ukati mofini alembe dokotala yekha ndiye kuti wanena kuti anthu ambiri afe akulira.

Si ululu wonse womwe umamvera mofini. Wa m'mitsempha, uja wootcha kapena wolasa ngati magetsi, umafuna amitriptyline kapena gabapentin. Wa m'mafupa nthawi zina umatsika ndi radiotherapy (kuwotcha khansa ndi cheza cha makina) ya kamodzi kokha. Ndipo pali uja Saunders ankaphunzitsa, kuti ululu wa munthu wakufa si wa thupi lokha, muli mantha, muli nkhawa ya ana otsala, ngongole, mkangano womwe sunathe, mafunso a kwa Mulungu. Umakweza mlingo, kukwezanso, munthu akubuulabe, tsiku lina ukakhala pansi nkumufunsa kuti kodi chikukusowetsani tulo nchiyani, umapeza kuti pali mwana yemwe sanayankhulane naye zaka zambiri. Zimenezo botolo silingathe.

Nkhani yomwe imayambanitsa manesi ndi achibale kuposa mofini ndi chakudya. Kudyetsa ndi chikondi, ndiye munthu akayamba kukana chakudya achibale amaona ngati akumusiya afe ndi njala, amamukakamiza, supuni pakamwa, amapempha dripi, amapempha chubu cha m'mphuno. Chomwe chikuchitika ndi chakuti thupi likuzima pang'onopang'ono, m'mimba simukugayanso, njala yeniyeniyo palibe. Sikuti akufa chifukwa sakudya, sakudya chifukwa akufa. Ndipo minofu yomezera ikafooka, chakudya chokakamiza chimalowera ku mapapo, amatsamwa, nkudwalanso chibayo. Dripi nayo m'masiku omaliza siyabwino nthawi zonse, madziwo thupi likalephera kuwatulutsa amakatupitsa miyendo, amadzaza m'mapapo, makhololo nkuchuluka. Pali nthawi zina pomwe madzi pang'ono amathandiza, ndiye timaona munthu payekhapayekha, koma dripi ya kuti achibale aone kuti tikuchitapo kanthu ija ine sindigwirizana nayo.

Komanso pali mbali ina yomwe manesi tisamaiwale. Ku UK kunali ndondomeko yotchedwa Liverpool Care Pathway yomwe cholinga chake chinali chabwino, kutengera nzeru za hospice m'mawodi wamba, koma m'zipatala zina inasanduka fomu yongochonga, anthu ena ankamanidwa madzi akuwafuna, achibale osauzidwa chilichonse. Itaunikidwa mu 2013 ndi gulu lotsogozedwa ndi Julia Neuberger, inathetsedwa. Ndiye lamulo nlakuti munthu akafuna kumwa apatsidwe, akafuna kulawa chinachake alawe ngakhale kasupuni kamodzi, tisamukakamize komanso tisamumane. Ludzu lomwe amalimva nthawi zambiri ndi kuuma kwa m'kamwa, makamaka akamapumira pakamwa, ndiye kunyowetsa m'kamwa ndi kansalu koyera pafupipafupi, kutsuka lilime, kupaka mafuta pamilomo, kuyang'ana ngati mulibe zoyerayera za mafangasi, zimathandiza kuposa dripi. Ntchito imeneyi ndimakonda kuipereka kwa wachibale uja amakakamira supuni, manja ake amafuna chochita basi, ukamuonetsa mtima wake umakhala pansi.

Za khungu ndingodutsa mwachangu ngakhale zimadya nthawi yambiri pa shifiti. Munthu wogona malo amodzi amachita zilonda pathako, m'chiuno ndi ku zidendene, ndiye timamutembenuza maola awiri kapena anayi aliwonse, zofunda zikhale zouma zopanda makwinya. Akatsala maola ochepa sitimuvutitsanso kwambiri, kumasuka kwake ndiye kumatsogola. Zilonda za khansa zonunkha zimathiridwa metronidazole ndipo fungo limatsika, zomwe zimabwezera munthu ulemu chifukwa fungo limathamangitsa alendo. Wobanika, kamphepo ka fani kowomba kumaso kamathandiza, mofini wochepa amathandizanso, ndipo okosijeni si yankho kwa aliyense, ngati mpweya m'magazi uli bwino chimasiki chija chimangomutchinga kuyankhula ndi abale ake.

Masiku omaliza ali ndi zizindikiro zake, ndipo ndimakhulupirira kuti theka la ntchito ya nesi apa ndi kuuza achibale zinthu zisanachitike. Chinthu chomwe wauzidwiratu sichiopsa ngati chokudzidzimutsa 2 koloko usiku. Munthu amayamba kugona nthawi yaitali, kuyankhula pang'ono, mkodzo umachepa nkuda, manja ndi mapazi zimazizira, m'mawondo ndi kumapazi kumaoneka mawanga ofiirira chifukwa magazi akuthawira ku ziwalo zamkati. Ena amaona kapena kuyankhula ndi abale omwe anamwalira kale, ngati sizikumuopsa palibe chifukwa chomutsutsa. Ena amachita kutsitsimuka tsiku limodzi, kudzuka, kupempha chakudya, kucheza bwinobwino, achibale nkuyamba kuimba mafoni kuti wachira, kenako mawa lake nkutsikiratu. Apa nesi umayenera kusankha mawu bwino, osawalanda chimwemwe komanso osawanamiza, ine ndimangoti lero ndi tsiku labwino, amene akufuna kudzamuona abwere lero lomwe.

Kapumidwe kamasintha. Amapuma mozama, kenako pang'onopang'ono, kenako nkusiya masekondi angapo mwina mpaka theka la miniti, aliyense m'chipinda nkugwira mtima, kenako nkuyambiranso. Dzina lake ndi Cheyne-Stokes ndipo sikuti akubanika. Kenako pamabwera kaphokoso ka kukhosi kaja, kokhala ngati kukokomoka kwa madzi, komwe achibale sakaiwala moyo wawo wonse. Ndi malovu ndi makhololo zomwe sakuthanso kumeza kapena kutsokomola, mpweya ukungodutsapo. Nthawi imeneyi wodwala amakhala ali chikomokere ndipo zimaoneka kuti phokosolo limasautsa omvera kuposa mwini wake. Timamugoneka cham'mbali, mutu kukwezako pang'ono, nthawi zina kumupatsa hyoscine butylbromide kapena glycopyrronium kuti malovu atsopano achepe, koma omwe alipo kale mankhwalawa sachotsa. Kulowetsa chubu chokoka mpaka kukhosi kumangomuvutitsa.

Akayamba kuvutika, kukoka zofunda, kufuna kudzuka, kubwebweta, nesi usathamangire jakisoni wogonetsa. Gwira pachinena kaye uone ngati chikhodzodzo chadzaza, chifukwa mkodzo wotsekeka umazunza koopsa ndipo katheta (kachubu kotulutsira mkodzo) amathetsa vutolo mu maminiti ochepa. Ona za chimbudzi, ona ngati wanyowa, ona nkhope pomutembenuza, ngati akukwinya tsinya kapena kubuula ndiye kuti pali ululu ngakhale sanganene. Zonsezi zikakhala bwino mpamene timapita ku haloperidol kapena midazolam. Akasiya kumeza, mankhwala sasiyidwa, amangosintha njira, kumene zipangizo zilipo amaikidwa kamakina ka syringe driver komwe kamalowetsa mankhwala pansi pa khungu pang'onopang'ono kwa maola 24. Kusiya mofini mwadzidzidzi chifukwa choti munthu wakomoka ndi kulakwitsa kwakukulu, kukomoka sikutanthauza kuti ululu watha. Ndipo timauza achibale kuti apitirize kumuyankhula, zikuoneka kuti makutu amachedwa kutseka, pachifukwa chomwecho mikangano ya katundu ikachitikire panja.

Chovuta kuposa zonsezi, kwa ine, ndi kuyankhula. Achibale amakukokera pakhonde nkukuuza kuti chonde musawauze, akamva agwa mphwayi. Amanena mwachikondi ndipo sindiwaweruza, koma nthawi zambiri wodwalayo amadziwa kale, thupi ndi lake, nayenso amakhala akunamizira kuti asawadandaulitse, mapeto ake aliyense akusewera sewero ndipo wodwala amatsala yekhayekha ndi mantha ake. Njira yake sikukamuunjikira nkhani yonse ayi, ndi kufunsa. "Bambo, inuyo mukuona kuti matendawa akuyenda bwanji?" "Mayi, mumafuna tizikuuzani zonse kapena tiziyankhula ndi ana anu?" Ukafunsa ukhale chete, chete ameneyu ndi wovuta, pakamwa pamayabwa kuti unene kuti musadandaule muchira, koma ukatero watseka chitseko. Wina amati sindifuna kudziwa, ufulu ndi wake. Wina amati ndikudziwa, ndimangofuna wina avomereze, kenako nkuyamba kukonza zake, kugawa zinthu, kupepesa, kusankha komwe akufuna kukathera masiku ake.

Akafunsa kuti kwatsala nthawi yaitali bwanji, sitipereka deti chifukwa palibe amene amadziwa, ndipo madokotala kawirikawiri amaganizira nthawi yaitali kuposa yomwe imakhaladi. Chomwe chimathandiza ndi kuona liwiro la kusintha, ngati akusintha mwezi ndi mwezi mwina kwatsala miyezi, ngati sabata ndi sabata ndiye masabata, ngati tsiku lililonse akutsika ndiye masiku. Nkhani ya CPR, kupopa pachifuwa kuja mtima ukaima, nayo ikambidwe kudakali nthawi. Pa TV munthu amapopedwa pachifuwa nkudzuka, koma kwa munthu yemwe thupi lonse latha ndi matenda, kupopa kuja sikubwezeretsa moyo kawirikawiri, kumangothyola nthiti, achibale atathamangitsidwira panja. Kulemba mu fayilo kuti asadzapopedwe sikutanthauza kuti asiye kusamalidwa, ndipo nesi ayenera kunena zimenezi momveka chifukwa ngakhale ogwira ntchito ena amazisokoneza.

Munthu akatsirizika palibe chothamangira. Nesi amaona nthawi, amatsimikiza kapena kuitana woyenera kutsimikiza malinga ndi malamulo a komweko, amatseka maso, kuwongola thupi, kuchotsa machubu ngati palibe chifukwa cha lamulo chowasiyira, kupukuta, ndipo asanakhudze kwambiri amafunsa banja zomwe chikhulupiriro chawo chimafuna chifukwa ena safuna kuti mlendo asambitse m'bale wawo. Pomutembenuza mpweya wotsala umatha kutuluka ndi kaphokoso, ndi bwino kuwachenjeza omwe ali pomwepo. Mofini wotsala amawerengedwa nkubwezedwa, asasiyidwe m'kabati ya kunyumba. Pali anthu omwe amadikira pambali pa bedi masiku ambiri, atangotuluka kukasamba munthu nkupita, ndipo amadziimba mlandu zaka, nde timawauza kuti zimenezi zimachitika kawirikawiri, sanalakwe kanthu.

Manesi nafenso timatopa, tisanamizane. Kutaya odwala motsatizana, uku bedi lomwelo likufunika kuyalidwa kuti alowe wina, kumadya munthu mkati, ena amayamba kuuma mtima osadziwa, ena amangosiya ntchito. Magulu abwino a hospice amakhala pansi nthawi ndi nthawi kukambirana za odwala omwe apita, chomwe chinayenda bwino ndi chomwe chinavuta, ndipo amene amati zimenezi nkutaya nthawi sanagwirepo nayiti pa wodi yotere. Banja nalo silisiyidwa tsiku la imfa. Ku America malamulo a Medicare amafuna kuti hospice ipitirize kuthandiza ofedwa mpaka chaka chathunthu, ndipo amene timamuyang'anitsitsa kwambiri ndi uja ankasamalira wodwala usana ndi usiku, chifukwa tsiku lake lonse linkayendera wotchi ya mankhwala, pano alibe chodzukira, ndipo nthawi zambiri iyeyo amakhala atasiya kumwa mankhwala ake a BP kapena a shuga miyezi yonse ija osauza munthu.